Mipando Miyendo M'mwamba

Valencia, Spain
9 Malichi 2006

Okondedwa Azakhali Hermelinda,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi Ababa. Ine kuno ndili bwino, ntchito yosamalira gogo wachizungu uja ikuyenda.

Ndalemba chifukwa pa foni ya kusitolo ya a Evaristo sitimvana. Ababa amangoti "ndili bwino", kenako n'kundifunsa ngati kuno kumagwa mvula. Ndiye ndinaimbira ndekha dokotala wa ku Barranquilla uja. Zimene anandiuza ndikulemba apa, muziwerenge kawiri chonde.

Kachitseko ka mu mtima mwa Ababa, kamene madokotala amati valavu, kauma, sikakutseguka bwino. Opaleshoni aiika pa 20 Julaye. Koma akuti thupi lafooka kwambiri, ndipo munthu wa zaka 74 akalowa m'chipinda cha opaleshoni ali wofooka choncho, kudzuka kumavuta. Tsiku lowayeza lija anawayendetsa pakhonde la chipatala kwa mphindi zisanu ndi imodzi, anayenda mamita 190 okha. Dokotala akufuna 300. Adzawayesa pa 10 Meyi, ndipo komaliza pa 5 Julaye. Akadzalephera, malo awo adzapatsa wina, iwo n'kubwerera kumapeto kwa mzere, ndipo mzerewo ndi wa chaka chathunthu. Dokotala sanandibisire, Azakhali. Mtima umenewu chaka sungafike.

Choncho Ababa aziyenda theka la ola madzulo aliwonse, dzuwa likapepa. Azidzuka pampando kakhumi osagwira ndi manja. Azikoka mpweya pa kachipangizo ka timipira titatu kamene anawapatsa kaja. Akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, aime, mukauze anamwino. Kupatula apo, ayende.

Ndikukudziwani, Azakhali. Munthu akangotsokomola mumamukhazika pansi n'kumuphera nkhuku. Ulendo uno musatero. Amayi anamwalira ine ndilibe mapepala oti ndibwerere, sindinathire ngakhale dothi. Sindingapirire zimenezi kachiwiri.

Mundiuze zonse, musabise.

Ndine mwana wanu,
Nuris


San Telmo del Río
29 Malichi 2006

Iwe Nuris,

Moni wako tamulandira. Ife kuno tili bwino, kutentha kokhaku ndiye kwanyanya.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri monga unalamulira, bwana. Kachitatu ndinawerengera bambo ako. Anangoti, "Mwanayu wayamba udokotala liti?"

Ndisakunamize, poyamba zinandinyansa. Kuyambira liti wodwala mtima n'kumayendetsedwa mumsewu ngati bulu wogulitsa? Anthu aziti chiyani? Aziti Hermelinda watopa ndi mlongo wake, akufuna agwere panjira. Amayi athu akadzuka lero n'kuona Eustorgio akuyenda ine ndili phee pakhonde, angandimenye ndi chipande. Koma poti zanenedwa ndi ophunzira, ndinameza malovu.

Tsono tamvera nkhani yabwino. Bambo ako akuyenda! Iwe unati theka la ola. Iwowo akumachoka faifi koloko, kutsetsereka ndi Msewu wa Kudoko, n'kubwera eyiti koloko itakwana. Maola atatu, mwanawe! Akumabwera nkhope ili ngwee, osapuma wefuwefu n'komwe, ndipo chakudya chamadzulo akumangochilawa, akuti kuyenda kumakhutitsa. Chimwalirire mayi ako sindinawaonepo akuseka chonchi.

Kachipangizo ka timipira kaja ndiye nkhondo. Akuti n'choseweretsa ana. Kampira kamodzi kamakwera, kachiwiri kamangonjenjemera, kachitatu sikadziwa n'komwe kuti kuli ntchito. Koma timakakamizana.

Dokotala wakoyo umuuze akonzeretu khonde lalitali, lomwe lija lichepa.

Azakhali ako,
Hermelinda


Valencia
14 Epulo 2006

Azakhali anga okoma,

Maola atatu! Kalata yanu ndinaiwerengera m'basi, ndinalira mpaka mayi wina anandipatsa kampango. Koma asapitirire muyezo, ola limodzi n'lokwanira, ndipo azitenga madzi.

Mundikhululukire ndinakukayikirani. Gogo wanga kuno ndimamuyendetsa tsiku lililonse atandikolowola mkono, ndipo mumtima ndimati, kholo la eni ndikuliyendetsa, langa aliyendetsa ndani? Tsopano ndagona tulo.

Pa 10 Meyi mundilembere tsiku lomwelo.

Nuris


San Telmo del Río
13 Meyi 2006

Nuris mwana wanga,

Moni. Kalatayi ndayamba katatu, kung'amba katatu. Safunsa anadya phula, ndipo amene ndadya phula ndine.

Tinapita ku Barranquilla. Mtsikana wina wophunzitsa zolimbitsa thupi anagwira wotchi, ine nditaima kumapeto kwa khonde, chifuwa chili patsogolo, kudikira kuti anthu adabwe. Anadabwadi. Mamita 180, Nuris. Kuchepera pa poyamba paja. Anaima kawiri kugwira khoma. Atawakweza pasikelo anapezeka kuti awonjezera makilo atatu.

Ine ndinati wotchi yanuyo ndi yakufa, munthuyu amayenda maola atatu tsiku lililonse. Mtsikana uja anawayang'ana bambo ako n'kufunsa mwaulemu, "Agogo, mumayenda mpaka pati?" Iwo maso kudenga, ati, "Zimatengera."

Dzulo ndinawatsatira, ndikubisala kumitengo ya mango ngati wakuba nkhuku, pa msinkhu wanga uno. Tamva zimene ndinaona. Kuchoka pakhomo pathu anayenda mapazi makumi awiri, n'kufika pakhomo pa Casilda, woyandikana nafe uja. Casilda anali pakhonde pa mpando wake wa ndalema, wa miyendo yokhota uja wodzigwedeza. Atangowaona anadzuka msangamsanga. "A Eustorgio, mpaka kuima ngati mlendo? Khalani apa!" Anakhala. Kunabwera khofi wa shuga masupuni atatu. Patapita theka la ola anadzuka, kuyenda mapazi khumi ndi asanu, pa Evaristo. "Akulu, mundidutsa ngati tinayambana?" Anakhala. Kunabwera chinangwa ndi tchizi. Pa ana a malemu Anselmo, nthochi zokazinga. Pomakwana eyiti koloko anali atafika nyumba yachisanu, ndipo mwana wa Evaristo anawabweza panjinga yamoto, ati munthu wamkulu sangayende wapansi iye akuona.

Ndiye kuyenda kokhutitsa kuja ndi kumeneku!

Ndinawakalipira mpaka mawu anandithera. Iwo anangoti, "Hermelinda, munthu akakupatsa mpando umakana?" Kunena zoona, ngakhale ine sindinayambe ndakanapo. Ndipo ukudziwa kuti mipando yonse ya mumsewu uno anapanga ndi iwowo, mayi ako n'kuluka mlaza wake.

Kwatsala masabata asanu ndi awiri ndi masiku. Ndili ndi mantha, mwanawe, ndipo ndili ndi manyazi.

Hermelinda


Valencia
28 Meyi 2006

Ababa,

Moni. Ulendo uno ndikulembera inu, ndipo Azakhali asakuwerengereni, magalasi muli nawo.

Ndamva za pa 10 Meyi. Miyezi iwiri mwakhala mukutipusitsa. Ine kuno kumauza aliyense kuti bambo anga amayenda maola atatu, pamene inu muli pa mpando wa a Casilda kumwa khofi!

Ndifunse mosapita m'mbali, ngakhale si ulemu. Kodi mukufuna kutsatira Amayi? Chimwalirire iwo simunagwirenso mpini wa sowo, chisakasa chogwirira ntchito munachitseka. Ngati mwatopa ndi moyo, mundiuze, ndisiye kudzivutitsa. Koma dziwani kuti mapepala anga atuluka mwezi uno. Pa Disembala ndikubwera, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikufuna kudzapeza munthu pakhomo, osati manda awiri.

Ndakwiya, Ababa, ndipo ndimakukondani. Zonse ziwiri.

Nuris


San Telmo del Río
29 Meyi 2006

Iwe Nuris,

Moni. Yankho lako silinafike, koma sindingadikire, nkhani ikundiyabwa pakamwa.

Nditakulembera kalata ija ndinayenda khomo ndi khomo, nyumba zonse khumi ndi ziwiri mpaka kudoko. Ndinati, abale anga, mukumupha munthuyu ndi ulemu wanuwu. Akamadutsa musamupatse mpando.

Casilda anagwira m'chiuno. "Iwe Hermelinda, wapenga? Ine ndikhale pansi, munthu wamkulu, wodwalanso, adutse ataima? Anthu amve kuti pa Casilda anamana Eustorgio mpando?"

Ndinati, ndiye nawenso uime, nonse muime.

Ati, "Ndiime, mpando ukhale wopanda munthu? Ndi kamphepo ka kumtsinje kaja uzigwedezeka wokha? Ukufuna ndiitane maliro pamene munthuyo akudikira mpeni wa dokotala?"

Apo ananena zoona, mpando wopanda munthu sugwedezeka pakhomo la anthu. Kenako Evaristo, amene chibadwire sananenepo chanzeru, anati, "Nanga tikaugadabuza, ngati tsiku lokolopa? Sugwedezeka, komanso palibe anganene kuti tamumana. Mpando wogadabuza supatsidwa kwa mlendo."

Nuris, ukanaona! Lolemba faifi koloko, msewu wonse mipando miyendo m'mwamba, eni ake ataima pambali manja kumbuyo ngati kukudutsa bishopu. Bambo ako anatuluka, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, n'kunena kuti, "Kodi mtsinje wasefukira?" Casilda anakuwa, "Yendani, bambo inu, khofi watha dziko lonse!" Anakwiya, nkhope kuchita kuda. Anayenda mwaukali mpaka pa Casilda, ndipo ndinaona kuti akufuna kuutembenuza okha mpandowo.

Atawerama anaima. Anavala magalasi. Ukudziwa kuti pansi pa mpando uliwonse ankawotchapo chaka ndi msomali wamoto. Koma pambali pa chakacho panali mawu ena a pensulo, dzanja la mayi ako. Analemba kuti: "Eustorgio wapita kukaonera nkhuku zomenyana, ine ndikuluka ndekha. Mulungu akumuona." Chaka cha 1983.

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako misozi. Zaka zonsezi sankadziwa! Iwo ankamaliza matabwa n'kupereka kwa mayi ako Ludivina, iye akaluka, wogula n'kunyamula. Ndipo paja amadzitama kuti mipando yawo sibwerera kudzakonzedwa, ndiye akanaona liti?

Anafuna kuthamangira pa Evaristo kuti akawerenge wina. Ndinawagwira malaya. Ndinati ayi, achimwene, pano pali lamulo. Tsiku lililonse muziyambira pakhomo pathu, ndipo muziwerenga mpando wa pamene mwafika osaima panjira. Mukaima, mwabwerera. Mipando ina yonse ndaiphimba ndi nsanza za mbale, ndipo eni ake ndawalumbiritsa.

Ananditchula mayina amene sindingalembe. Koma dzulo anafika nyumba yachisanu ndi chimodzi, ndi miyendo yawo, ndipo anabwereranso wapansi. Mwana wa Evaristo ndamuuza kuti akangoliza njinga yake pafupi nawo ndiphulitsa matayala.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pempherabe.

Hermelinda


San Telmo del Río
19 Juni 2006

Mwana wanga Nuris,

Moni. Kalata yako ndinailandira, ndipo ndinawerenga ndekha monga unanenera. Inasemphana panjira ndi ya azakhali ako, ndiye unandikalipira pa mlandu umene ndinali nditayamba kale kulipira. Palibe kanthu. Kukalipa unatengera mayi ako, ndipo ndinakusowa.

Wandifunsa funso, ndikuyankhe. Kufa sindikufuna. Ndikuopa, basi. Mayi ako analowa m'chipatala akuyenda okha, atanyamula chikwama chawo, ndipo anatuluka atanyamulidwa. Ndikaganiza zogona pa tebulo la opaleshoni lija miyendo imandilemera. Ndinkati ndikalephera mayeso awo aja, mwina andisiya.

Za mipando, sikuti ndinkafuna khofi wa Casilda, amene ndi woipa kuyambira kale. Ukakhala pa mpando umene analuka mayi ako, kumsana kumamveka ngati pali dzanja lawo. Kwathu kuno ulipo umodzi wokha. Mumsewu muno ilipo yoposa makumi awiri. Ndinkapita kukacheza nawo, ndinene choncho. Izi azakhali ako usawauze, angandiseke.

Tsopano ndapeza kuti ankalankhulanso kunsi kwake. Pa Evaristo analemba kuti, "Mtsinje walowa m'nyumba, tikugona patebulo." Pa ana a Anselmo, "Lero wandigulira nsapato zofiira, zazing'ono, koma sindimuuza." Zaka makumi atatu ndinkadabwa chifukwa chake sankazivala! Pena analemba mtengo wa mlaza basi, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera nditakhumudwa, mapazi onse aja.

Ndafika nyumba yachikhumi. M'mawa ndimadzuka pampando kakhumi osagwira, azakhali ako akuwerenga mokuwa ngati msilikali. Timipira tiwiri tikukwera, kachitatu kayamba kugwedezeka. Evaristo amanditsatira ndi wotchi yake, ndipo amayi a mumsewu amandinyoza ndikamadutsa. Dzulo Casilda anati, "Fulumirani, fulu wakudutsani!" Ndinati fuluyo akuthawa khofi wanu.

Nyumba yomaliza, ya kudoko, ndi ya Nicanor wa bwato. Evaristo anayeza ndi chingwe, akuti kuchokera pathu ndi mamita 320. Mpando wa pamenepo ndikuukumbuka, ndi wa 1971. Chaka chimenecho ukuchidziwa. Azakhali ako akuti umenewo sindiwerenga pokhapokha nditafika m'mphindi zisanu ndi imodzi. Mkazi ameneyu akanakhala wapolisi, ndende zikanadzaza.

Disembala ndamva. Usabwere ndi mphatso zolemera.

Bambo ako,
Eustorgio


Barranquilla
5 Julaye 2006

Nuris!

Ndikulembera pa benchi ya chipatala, uwerenge mmene ungathere. Ndinayesa foni, sinalowe.

Mamita 335! Mtsikana wa wotchi uja anayang'ana kawiri, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Bambo ako atamaliza mphindi sikisi zija anafunsa kuti, "Basi?" Kunyada! Chonsecho milomo inali itauma gwa. Ine ndinakuwa m'chipatala cha eni mpaka mlonda anabwera. Timipira tonse titatu tinakwera pamaso pa dokotala, kachitatu kaja kanangoti pang'ono, koma kanakwera.

Dokotala wati pa 20 pomwepo. Wati zoopsa zilipobe, asatinamize, koma tsopano ali ndi thupi loti agwirepo ntchito. Anafunsa kuti tinachita bwanji. Ndinati tinagadabuza mipando. Anangondiyang'ana, anthu a m'tauni.

Pa Nicanor anafika Lachisanu lapitali, wotchi ya Evaristo itatsala ndi timasekondi. Msewu wonse unali pambuyo pawo. Ndinachotsa nsanza ija ndekha. Anawerenga, n'kuphimbanso, ndipo sanauze munthu. Ine ndinaona kale pophimba paja, koma akuti adzakuuza okha, ndiye pakamwa panga ndatseka. Ukudziwa mmene zikundipwetekera.

Pa 20 uyatse kandulo.

Hermelinda


San Telmo del Río
24 Ogasiti 2006

Mwana wanga Nuris,

Moni wochokera kwa bambo ako, amene alipo.

Azakhali ako anakuuza kale pa foni kuti zinayenda, koma iwo amawonjezera mchere, ndiye umve kwa ine. Anandigoneka m'mawa, ndinadzuka madzulo ndili ndi mapaipi paliponse ngati nyumba yomanga kumene. Pachifuwa anandisoka bwino, mzere wowongoka, ndinamuyamikira dokotala ngati mmisiri mnzanga. Tsiku lachiwiri anamwino anabwera awiri kuti andidzutse. Ndinati dikirani, n'kudzuka ndekha osagwira. Ndi zija ankandiwerengera azakhali ako. Bambo wina wa bedi loyandikana nalo, wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, anatha sabata asanaponde pansi. Ndinamuuza kuti akachira abwere kwathu tidzamugadabuzire mipando.

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Pondilowetsa ndinatseka maso n'kuyamba kuyenda Msewu wa Kudoko mumtima, nyumba ndi nyumba. Ndinagona ndili pa Evaristo.

Kuno ndinabwera pa 2 Ogasiti. Ndinapeza mipando yonse ili bwinobwino, aliyense akuti khalani apa, khalani apa, mwavutika. Hermelinda anangotsokomola kamodzi, yonse miyendo m'mwamba. Akuti mpaka dokotala atanena. Ndikuyendabe madzulo aliwonse, ndipo Casilda ndi Evaristo ayamba kunditsatira, akuti kuima chabe kumawatopetsa. Chisakasa ndatsegula kuti mupite mphepo. Zonyamula sanandilole, ndikungonola zipangizo.

Tsopano za mpando wa kwa Nicanor. Ndinaupanga mu Ogasiti 1971, iwe unabadwa mu Okutobala. Mayi ako analuka mimba ili apo, mlaza akuufikira movutika. Pansi pake analemba kuti: "Akundimenya mateche ngati akufuna kupita kutali. Apite, bola azibwera. Akakhala wamkazi ndi Nuris."

Ndawerenga kambirimbiri. Zoti sunabwere pamaliro zija uzichotse mumtima, mwana wanga. Anakuloleza kale usanabadwe.

Nicanor wandipatsa mpandowo, wati ndidzamupangire wina ndikachira. Uli pakhonde pathu, miyendo m'mwamba, ndipo palibe amene akhalepo, ngakhale azakhali ako. Tidzautembenuza tsiku limene udzafike.

Undiuze tsiku ndi bwato limene udzakwere. Ndidzakuchingamira kudoko. Mwana wa Evaristo akadzakuuza kuti ukwere njinga, udzakane. Tidzayenda wapansi, iwe ndi ine, ndipo ulendo umenewo tidzaima pa nyumba iliyonse.

Bambo ako,
Eustorgio